Mankhwala Otsukira Ndege Zing'onozing'ono: Kowagula ndi Kagwiridwe Kake

Ndege yaing'ono ngati Cessna 206, ya mtundu umene umanyamula alendo kupita ku Likoma kapena ku Mfuwe, sikonzedwa ndi masipanala okha. Mu hangar iliyonse mumakhala shelefu ya zitini za mankhwala osungunulira girisi, penti, guluu ndi litsiro la mafuta. Popanda mankhwalawa simungamate thanki yodontha, simungaone mng'alu umene wabisala pansi pa girisi, ndipo penti yatsopano singagwire. Ambiri mwa iwo mukawathira m'kapu simungawasiyanitse ndi madzi, ngakhalenso kusiyanitsa ena ndi anzawo.

Choopsa chake n'chakuti munthu akalakwitsa, zotsatira sizioneka tsiku lomwelo. Galasi limachita timing'alu patapita masabata, chitsulo chimathyoka patapita miyezi, ndipo makaniko amene ankasamba nawo m'manja amadzamva dzanzi m'zala patapita zaka. Motero musanatsegule chitini, mafunso ndi awiri: muli chiyani kwenikweni m'menemu, ndipo buku la ndegeyi likulola kuti chikhudze pamene mukufuna kutsukapo?

Amene mumawapeza pa shelefu

Wotchuka kwambiri ndi MEK, amene dzina lake lonse ndi methyl ethyl ketone. Amachotsa guluu, amafewetsa mapenti ambiri, ndipo amauma osasiya kanthu pachitsulo. Omata matanki a m'mapiko amapukutira MEK asanapake phala la polysulfide, ndipo amene amakuta ndege ndi nsalu, monga Piper Cub, potsata njira ya Poly-Fiber, tsiku silitha osamugwira. Acetone ndi mbale wake, koma iye amawira pa madigiri 56 pomwe MEK amawira pa 80. Masana a mu Okutobala acetone amatha kuuma pansalu musanamalize n'komwe kupukuta.

Toluene amapezeka kwambiri mu thinazi ndi m'maguluu ena. Isopropyl alcohol ndi wofatsirapo, ndipo ndi amene amayandikira zamagetsi. Pa injini ndi mabering'i a matayala pamapita white spirit kapena Stoddard solvent, amene amachedwa kuuma komanso sayaka msanga ngati enawa.

Pali chinanso chimene sichikhala pa shelefu koma chimakopa anthu chifukwa chili pafupi: mafuta a ndege a 100LL, abuluu aja. Akatsala m'kabotolo koyezera, ena amatsukira zipangizo ngakhalenso manja. Mafutawa muli mtovu wofika magalamu 0.56 pa lita, wa mtundu umene umalowera pakhungu, ndipo thupi limachedwa kwambiri kuutulutsa. Si otsukira ayi.

Chotsuka pano chimawononga apo

Magalasi a ndege zing'onozing'ono si agalasi enieni, ndi apulasitiki ya acrylic. Acetone, MEK, thinazi, petulo, ngakhale mankhwala opukutira mawindo a m'nyumba, zonsezi zimawadya. Poyamba galasi limaoneka bwinobwino. Kenako pamatuluka timing'alu tambirimbiri tonga ulusi, ndipo woyendetsa akamatera dzuwa lili kumaso, galasi lonse limachita mbee, msewu wa ndege osaonekanso. Mabuku a Cessna amaletsa mankhwala amenewa mosapita m'mbali. Chololedwa ndi madzi ambiri, sopo wofatsa ndi nsalu yofewa, ndipo pakakhala girisi, Stoddard solvent kapena aliphatic naphtha. Apa werengani bwino dzina, pakuti palinso aromatic naphtha, amene amawononga galasi lomwelo.

Timalabala ta m'mabuleki amene amagwiritsa ntchito mafuta ofiira a MIL-H-5606 timakhala ta nitrile, ndipo MEK kapena acetone amatifufumitsa mpaka kutaya mphamvu. Mapaipi a labala, matayala ndi zokutira mawaya nazonso sizigwirizana ndi mankhwala amphamvu.

Potsuka injini, chinthu chimene ine ndimachiopa kwambiri ndi vacuum pump. Mkati mwake muli timapiko ta carbon timene timayenda touma, popanda mafuta. Mankhwala akalowa, amasakanikirana ndi fumbi la carbon n'kupanga phala, pampuyo n'kudzafa tsiku lina ndege ili m'mwamba. Ikafa, zida zosonyeza ngati ndege yapendekeka zimayamba kunama pang'onopang'ono, ndipo ngati ndegeyo ili m'mitambo, woyendetsa amatha kuzikhulupirira mpaka zinthu zitaipa. Kukulunga pampuyo, ma magneto ndi alternator ndi pulasitiki musanapopere mankhwala kumatenga kanthawi kochepa zedi.

Aluminiyamu amadana ndi soda. Mankhwala otsukira uvuni, ndi ena otsukira injini za malole, amalowa pamene malata alumikizana ndi m'mphepete mwa ma rivet, n'kumadya mkati momwe diso silifika. Zitsulo zolimba kwambiri, monga za miyendo ya matayala ndi mabawuti ena, zimaopa mankhwala okhala ndi asidi: hydrogen amalowa m'chitsulo n'kuchisandutsa chophweka kuthyoka, kunja chikuoneka chabwinobwino. Ndege za composite monga Cirrus SR22 ndi Diamond DA40 zili ndi malamulo akeake, chifukwa chochotsera penti chimatha kudya utomoni umene wagwira ndege yonse. Ndipo paliponse pamene padutsa okosijeni wopumira pasayandikire mafuta, girisi kapena mankhwala ochokera ku mafuta, popeza okosijeni wopanikizidwa amayatsa zinthuzi popanda machesi.

Buku la wopanga ndege ndilo loyamba. Likakhala chete pa nkhani ina, amakaniko ambiri amatsegula AC 43.13-1B, buku la bungwe la FAA la ku America limene linatuluka mu 1998.

Kogula, ndi zimene mufunse

Musapite kwa wogulitsa ndi dzina lokha. Pitani ndi nambala ya muyezo imene buku latchula: ASTM D740 ya MEK, ASTM D329 ya acetone, TT-I-735 ya isopropyl alcohol, TT-N-95 ya aliphatic naphtha, MIL-PRF-680 ya otsukira girisi. Wogulitsa zipangizo za ndege kapena mankhwala a m'mafakitale amazidziwa nambalazi, ndipo amakupatsani chitini chomata bwino, cholembedwa dzina la wopanga ndi nambala ya gulu limene chinapangidwira limodzi.

Thinazi wa m'shopu ya hadiweya ndi wabwino pa geti kapena pa galimoto, koma ndi msakanizo umene wopanga angausinthe nthawi iliyonse osakuuzani. Wina amakhala wobwezeretsedwa kuchokera ku mankhwala ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo amasiya kamafuta kosaoneka pachitsulo. Phala lomatira thanki likakhala pa kamafuta kameneko limaoneka ngati lagwira, kenako thanki n'kuyambanso kudontha. Wothiridwa m'botolo la chakumwa, wopanda chizindikiro chilichonse, asalowe n'komwe mu hangar, mtengo wake utsike motani. Chenjeraninso ndi zitini zolembedwa MEK Substitute, zimene zinafala ku America. Nthawi zambiri mumakhala ethyl acetate, ndipo si paliponse pamene angalowe m'malo mwa MEK.

Chachiwiri chofunsa ndi SDS, chikalata chofotokoza za chitetezo cha mankhwalawo. Potsata dongosolo la GHS limene United Nations inatulutsa mu 2003, chikalatachi chimakhala ndi zigawo 16 zosanjidwa mofanana kulikonse. Chigawo 2 chimanena kuopsa kwake, 3 zimene zili mkati, 4 chithandizo choyamba, 7 kasungidwe, 8 zodzitetezera, ndipo 9 kutentha kumene amayakira. Wogulitsa amene sangapereke SDS ndiye kuti naye sakudziwa chimene akugulitsa. Chikalatacho chisindikizidwe n'kukhomedwa pafupi ndi kabati, osati kungokhala m'kompyuta ya mu ofesi.

Musadabwe akakufunsani kuti ndinu ndani ndipo mankhwalawo mukukachita nawo chiyani. Acetone, MEK ndi toluene ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la United Nations la 1988 lolimbana ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo, chifukwa ena amawagwiritsa ntchito poyenga mankhwala oletsedwawo. M'mayiko ambiri kuwalowetsa pachipata kumafuna chilolezo, ndiye ndi bwino kufunsiratu musanaitanitse.

Zipangizo zambiri za ndege zing'onozing'ono za kuno zimadzera ku South Africa, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake munthu angafune kupempha mnzake wochokera ku Johannesburg kuti aponye chitini m'chikwama. Musatero. Mankhwalawa ali m'gulu 3 la katundu woopsa, ndipo aliyense ali ndi nambala yake: UN 1193 ya MEK, UN 1090 ya acetone, UN 1294 ya toluene. M'chikwama cha wokwera ndege ndi oletsedwa, ndipo chitini chodontha pansi pa basi yodzaza anthu, pafupi ndi injini yotentha, ndi tsoka loyembekezera nthawi. Adzere kwa onyamula katundu amene ali ndi chilolezo cha katundu wotere. Pogula, gulani okwanira miyezi ingapo. Mgolo wonse ungaoneke wotchipa, koma mukuitana moto waukulu kudzagona m'nyumba imodzi ndi ndege.

MEK si MEKP

MEKP ndi timadzi toumitsira utomoni wa polyester pokonza zinthu za fibreglass. Kadontho kake kakagwera m'diso kangathe kuchititsa khungu, ndipo akasakanikirana ndi mankhwala ena amatha kuyaka kapena kuphulika. Mayinawa amasiyana chilembo chimodzi chokha, choncho mabotolo ake asakhale pa shelefu imodzi.

Nthunzi imayenda pansi

Chimene chimayaka si madziwo koma nthunzi yake. Flash point ndi kutentha kumene mankhwala amayamba kutulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto. Ya MEK ndi madigiri 9 pansi pa ziro, ya toluene ndi madigiri 4, ya isopropyl alcohol ndi 12, ndipo ya acetone ili pansi kuposa ya MEK. Kunena kwina, ngakhale m'mamawa wa mu Juni ku Dedza, chitini cha MEK chikangotsegulidwa chakonzeka kale kuyaka. Nthunzi yake ikangoyandikira magawo 2 pa 100 a mpweya wa m'chipinda, kamoto kamodzi kothetheka n'kokwanira.

Nthunziyi imalemera kuposa mpweya, ya MEK kawiri ndi theka. Sikwera kudenga. Imatsika pa tebulo n'kumakwawa pansi ngati madzi a mvula ofuna kotsetsereka, kulowa m'ngalande, pansi pa kabati, m'mimba mwa ndege. Ikakumana ndi moto kutali, motowo umabwerera m'njira yomweyo mpaka pachitini chimene chili m'manja mwanu. Gwero la moto silikhala ndudu yokha. Pali gilayinda, chotchajira batire, fani wamba, swichi ya pakhoma, kompuresa imene imadziliza yokha. Magetsi akazima ntchito ya mankhwala iime, pasabwere kandulo, nyale kapena jenereta pafupi ndi khomo.

Pothira kuchokera mumgolo kupita m'chitini, madzi oyendawo amapanga magetsi obisika, makamaka m'nyengo youma. Lumikizani mgolo ndi chitini ndi waya, mgolowo mulumikizenso pansi. Chigubu chapulasitiki sichingalumikizidwe choncho, n'chifukwa chake ziwiya zachitsulo ndizo zoyenera. Zisungidwe m'kabati yachitsulo yotseka, pamthunzi, kutali ndi mabatire ndi mabotolo a okosijeni. Kontena yokhala padzuwa tsiku lonse si mosungira mankhwalawa.

Chozimitsira moto chikhale pakhomo, pamene mungachifikire mukuthawa. Madzi opopera mwamphamvu amangomwaza motowo. Cha ufa chimazimitsa ndithu, koma ufawo umadya aluminiyamu ndi zamagetsi, choncho pafupi ndi ndege ambiri amasankha cha carbon dioxide.

Magolovesi ndi chophimba kumphuno

Apa m'pamene anthu osamala amapusitsika, chifukwa amaona kuti avala kanthu. Magolovesi opyapyala a nitrile, abuluu aja, amateteza bwino ku oyilo ndi girisi, koma MEK ndi acetone amawadutsa m'mphindi zochepa. Golovesi silibooka. Limangofewa, nsonga za zala n'kutalika pang'ono, m'manja n'kumamveka kuzizira. Pamenepo mankhwala alowa kale, ndipo golovesi likuwasunga pakhungu kuti asaume. Pa MEK ndi acetone pamafunika labala wa butyl. Koma butyl yemweyo salimba pa toluene ndi petulo, pamene pamafunika Viton kapena magolovesi a mapepala apulasitiki omatikizana. Palibe golovesi la mankhwala onse, ndipo chigawo 8 cha SDS ndicho chimakuuzani loyenera.

Khungu likamakhudzana ndi mankhwalawa limatha mafuta ake, limayera, limang'ambika, ndipo ming'aluyo imasanduka khomo lolowera mankhwala ena. Maso amafuna magalasi otseka m'mbali monse, makamaka pogwira ntchito chagada kunsi kwa phiko.

Masiki ya fumbi kapena ya kuchipatala siletsa nthunzi ngakhale pang'ono. Pamafunika chophimba chokhala ndi timabokosi ta makala osefa. Pa zopangidwa motsata miyezo ya ku Ulaya, timakhala ndi mzere wa bulawuni ndi chilembo A, pomwe pa za ku America mzerewo ndi wakuda. Acetone, poti amawira pansi pa madigiri 65, amafuna ta AX. Makalawa amapitiriza kuyamwa mpweya ngakhale chophimba chili chopachikidwa pa msomali, choncho mukamaliza chitsekereni m'thumba losalowa mpweya ndipo lembani tsiku limene munatsegula timabokosito. Ndevu zimalowetsa mpweya m'mbali. Popopera penti ya polyurethane yosakaniza ziwiri, imene muli isocyanate woyambitsa mphumu yosachizika, njira yodalirika ndi mpweya wochokera kunja kudzera m'paipi.

Ku America bungwe la OSHA linaika malire a MEK pa magawo 200 pa miliyoni pa maola 8 a ntchito. Mu hangar yotsegula zitseko zonse, kupukuta pang'ono sikufika pamenepo. Koma mutu ukalowa m'mchira wa ndege kapena pabowo la thanki, malirewo amadutsidwa mosavuta. Mphuno si yodalira, popeza imazolowera fungo. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire, nseru kapena kumva ngati mwalawa mowa, tulukani nthawi yomweyo. Toluene akamapumidwa kwa zaka amawononga ubongo, amathandizana ndi phokoso la injini kugonthetsa makutu, ndipo amavulaza mwana wosabadwa. Mayi woyembekezera apatsidwe ntchito ina, ndipo asachite kupempha kawiri.

Nsalu ziwiri

Kapukutidwe kabwino kamachepetsa mankhwala amene mumagwiritsa ntchito. Tengani nsalu ziwiri zoyera zathonje, zosasiya ubweya. Thirani mankhwala pansalu yoyamba. Musaviike nsalu m'chitini, chifukwa litsiro lake liipitsa chitini chonse. Tsekani chitini nthawi yomweyo. Pukutani kachigawo kakang'ono, kongokwana zikhatho ziwiri, mopita mbali imodzi, ndipo pasanaume tsatirani ndi nsalu youma. Mukalola kuti paume pokha, girisi amene anasungunuka amangokhalanso pomwepo, atamwazika mopyapyala. Pindani nsalu kuti mbali yoyera ibwere pamwamba, n'kupita pena. Nsalu youma ikamachoka yoyera, patsuka. Pofuna kutsimikiza, thirani madzi oyera: akayala mosadukiza ndiye kuti palibe mafuta, akachita timadontho bwerezani. Pakauma musagwirepo ndi chala. Nsalu zogwiritsidwa ntchito zipite m'bini yachitsulo yokhala ndi chivundikiro, ndipo ichotsedwe mu hangar poweruka.

Ochotsera penti

Kwa zaka zambiri ochotsera penti amphamvu ankakhala ndi dichloromethane, amene ena amati methylene chloride. Amagwira ntchito mofulumira, koma m'thupi amasanduka carbon monoxide, ndipo wapha anthu ogwira ntchito m'malo otsekeka. Malire ake a OSHA ndi magawo 25 okha pa miliyoni, fungo lake limamveka malirewo atadutsidwa kale, ndipo timabokosi ta makala sitimugwira nthawi yaitali. Ku America anamuletsa m'zochotsera penti zogulitsidwa kwa anthu wamba mu 2019, ndipo mu 2024 analetsa ntchito zake zambiri zotsala. Trichloroethylene, amene kale ankatsukira girisi, bungwe la IARC linamuika mu 2012 m'gulu la zoyambitsa khansa, makamaka ya impso. Kuletsedwa kwina sikutanthauza kuti zitini za mankhwala amenewa zinatha pamsika, choncho yang'anani chigawo 3 cha SDS. Ochotsera penti a benzyl alcohol amachedwa, nthawi zina usiku wonse, koma kudikirako n'kwabwino.

Mankhwala alionse okhala ndi chlorine, kuphatikizapo ena opopera mabuleki, akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa phosgene, mpweya umene unapha asilikali ambiri pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Penti yapansi yachikasu chobiriwira ya ndege zakale imakhala ndi chromate, nayenso woyambitsa khansa, motero phala lochoka pandege lisagwiridwe ndi manja.

Ngozi ikachitika

Akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15, chikope chili chotsegula, kenako kuchipatala. Pakhungu, vulani chovala chonyowacho, sambani ndi sopo. Wokomoka ndi nthunzi atulutsidwe kunja, koma womupulumutsa asalowe m'malo otsekeka wopanda chodzitetezera. Munthu akamwa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere monga ambiri amachitira mwana akamwa palafini. Posanza, mankhwala amalowa m'mapapo, ndipo m'mapapomo ndi mmene amapha. Pitani naye msanga kuchipatala mutatenga SDS kapena chitinicho.

Zotsala ndi zigubu zopanda kanthu

Mankhwala akuda asathiridwe m'ngalande kapena kuseri kwa hangar. Mabwalo ambiri a ndege zing'onozing'ono azunguliridwa ndi midzi imene imamwa madzi a pachitsime ndi pamjigo, ndipo mankhwala a chlorine akalowa pansi amakhala m'madzi zaka zambiri. Asonkhanitseni m'chiwiya chachitsulo chotseka, cholembedwa zimene zili mkati, a chlorine paokha, ndipo funsani wogulitsa kapena akuluakulu oona za chilengedwe kumene angatayidwe.

Chigubu ndi mgolo ndi katundu wofunidwa kwathu kuno, ndipo mlonda kapena mnansi adzakupemphani mwaulemu kuti akatungire madzi kapena kusungiramo chimanga. Kukana kumawawa, koma kanani, n'kumufotokozera chifukwa chake: pulasitiki imamwa mankhwala ndipo kutsuka sikuwachotsa onse. Zigubu ndi zitini zing'onozing'ono zisiyeni zotsegula panja, kutali ndi moto ndi ana, mpaka ziumiretu, kenako muziboole kuti zisasungenso kanthu. Mgolo ubwerere kwa wogulitsa. Umene ukuoneka wopanda kanthu umakhala wodzaza nthunzi, ndipo wowotcherera akaukhudza ndi gilayinda kuti apange mbaula, umaphulika.